Kodi Munthu Angakhale ndi Kwawo Kuwiri?

M'dziko lathu lino ndi mafunso ochepa amene amafunsidwa kawirikawiri kuposa lakuti, "Kwanu n'kuti?" Mukakumana ndi munthu m'basi, pamaliro, ngakhale pamzere wa kubanki, mukangopatsana moni funso lotsatira limakhala lomwelo. Mukayankha kuti mumakhala ku Ndirande kapena ku Kawale, wofunsayo amamwetulira n'kubwereza kuti, "Ayi, ndikunena kwanu kwenikweni." Boma nalonso limafunsa chimodzimodzi. Pafomu iliyonse imene ndalembapo chiyambire ntchito pamakhala mizere itatu: mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Ngakhale pamene tinkalembetsa ziphaso za unzika mu 2017 mizereyi idalipo. Ine pamizerepo ndimalemba mudzi wina wa ku Dowa, ndipo sindinama. Koma kuyambira chaka cha 2008 ndimagona ndi kudzuka ku Ching'ambo mumzinda wa Mzuzu, ndipo masiku ano pakamwa panga pamatuluka mawu akuti "ndikubwerera kwathu" pamene ndikukwera basi pa Mponela yolowera kumpoto.

Atsibweni anga mawu amenewa sawakonda. Iwo amati munthu ali ndi kwawo kumodzi, kumene kudagwera mchombo wake, ndipo kwina konse ndi kuntchito. Tsiku limene adamva kuti ndagula poloti ku Ching'ambo ndipo ndayamba kuumba njerwa, adanditumizira uthenga waufupi: "Iwe mwana wa mlongo wanga, kodi watchona?" Funso limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi, chifukwa si funso la malo chabe ayi. Ndi mlandu. Akufunsa ngati kukonda dera lachilendo ndi kuba chikondi chimene chidayenera kupita kwa eni ake.

Mawu akuti mtchona ali ndi mbiri yake. Makolo athu ambiri adapita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku migodi ya mkuwa ku Zambia. Ambiri ankabwerako ndi njinga, jekete ndi sutikesi. Ena sadabwerenso, ndipo amenewa ndiwo adatchedwa matchona. Koma tikawasanthula bwino mawuwa, tipeza kuti mlandu wa mtchona sudali kutalika kwa ulendo kapena kuchuluka kwa zaka. Adalipo amuna amene adakhala kunja zaka makumi awiri koma palibe adawatcha matchona, chifukwa kalata inkabwera, bulangete la amayi linkabwera, ndalama ya msonkho inkabwera. Mtchona adali uja amene adasiya mkazi ali ndi pakati osafunsanso kuti kudabadwa mwana wanji, uja amene amake adaikidwa m'manda iye osadziwa. Mlandu wake udali kuthawa ngongole. Ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse, pakuti ngati chimene chimamangirira munthu kwawo ndi ngongole zotere, ndiye kuti tiyenera kufunsa ngati munthu sangakhalenso ndi ngongole zofanana nazo kwina.

Ndiyambe ndafotokoza za malo amene ndikunenawa, popeza awerengi ambiri a Chichewa amaudziwa Mzuzu ndi mbiri yokha. Mzindawu ndi wamng'ono pa msinkhu. Udayamba mu 1947 ngati likulu la esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake ankayengera mafuta opangira penti ndi vanishi. Malonda a tung adafa, koma anthu amene adabwera kudzagwira ntchito ndi kudzagulitsa zinthu adatsala. Mzuzu udalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu 221,272. Tsono taganizani: mzinda umene zaka zake sizikuposa za agogo ena amene akali moyo, ndani angaimirire n'kunena kuti makolo ake onse adagona momwemo? Woyandikana nane nyumba kumanja ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay. Kumanzere kuli banja la ku Chitipa limene m'nyumba mwawo limayankhula Chilambya. Amene amatigulitsa mpunga wa kilombero ndi mayi wa ku Karonga, ndipo mumsika wa Taifa Chiswahili chimamveka ngati uli ku Mbeya. Ngakhale Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, amene boma la Mzimba lozungulira mzindawu ndi lawo, adaoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba kuchokera kumwera kwenikweni, nafika kuno n'kukwatira, mpaka ana awo adatenga Chitumbuka kukhala chiyankhulo chawo. Ife Achewa timati tidachokera ku Uluba. Alhomwe ndi Ayao adalowa kuchokera ku Mozambique. Mudzi uliwonse umene lero timautcha kwathu kwenikweni udali malo achilendo kwa munthu wina amene adatula katundu pansi, nayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti pano ndiye pomwepa.

Izi ndi zoona, koma sindifuna kubisala kumbuyo kwake. Kunena kuti tonse ndife obwera n'kosavuta, ndipo atsibweni angandiyankhe kuti obwera akalewo ankasamuka ndi mbumba yawo yonse, osati kusiya amayi awo kumudzi.

Ndidafika ku Mzuzu ndi kalata yondisamutsa, monga amafikira antchito a boma ambiri. Sindidasankhe. Anzanga a ku Lilongwe adandipepesa ngati ndaferedwa, ena n'kumanditsanzira kayankhulidwe ka anthu amene iwo amawatcha ambwenumbwenu. Nyumba za ku Katoto ndi ku Chimaliro malipiro anga sakadazikwanitsa, choncho mnzanga wa kuofesi adandipezera ya lendi ku Ching'ambo. Amene adafikako akudziwa kuti Ching'ambo si malo oti munthu angawakonde pongowaona. Nyumba zidamangidwa mothinana, zambiri popanda mapulani, zina kutsetserekera kudambo. Mvula ya kuno sidziwa kuleka. Kwathu ku Dowa ikafika Epulo anthu amakhala akuganiza zokolola, koma kuno imagwabe, ndipo ikaleka imasiyira mawawa ndi chifunga. Mu Juni ndi Julaye kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Matope ake ndi ofiira ndi oterera, moti wantchito wa boma amanyamuka ndi nsapato ziwiri, zoyendera ndi zokavala pakhomo la ofesi. Anyamata a njinga zonyamula anthu, zimene kuno amazitcha sakaramento, amakutsitsa pachitunda kuti nonse mukankhe.

Sindingaloze tsiku limene malo amenewa adasanduka kwathu. Chimene ndingaloze ndi maliro. Mwezi wachitatu ndili ku Ching'ambo kudagwa zovuta nyumba yachinayi kuchokera panga. Madzulo kudabwera mnyamata ndi kope, wotumidwa ndi amfumu a m'dera lathu, kudzalemba chopereka cha nyumba iliyonse: ufa, nkhuni kapena ndalama. Sadandifunse kuti kwanu n'kuti. Adangofunsa dzina, nalemba pansi pa maina ena. Usiku ndidakakhala pamoto ndi amuna anzanga, nyimbo zikuimbidwa za m'buku la Sumu za Ukhristu, ine ndikungotsatira mang'ombe ake popeza mawu sindinkawamva. M'mawa adandipatsa khasu. Kwathu ntchito yokumba manda ili ndi eni ake, adzukulu, koma m'tauni mdzukulu ndi aliyense amene ali ndi mikono. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa lili m'kope lija, ndipo makope asinthidwa kangapo koma dzinalo amalikopera.

Patapita zaka zinayi ife tidataya mwana wakhanda. Za imfayo sindilemba zambiri. Ndingonena kuti pamene abale a ku Dowa ndi a kwawo kwa mkazi wanga ku Ntchisi ankafunafuna ndalama ya basi, pakhomo panga moto udali utayaka kale, madzi atatungidwa, ndipo amayi a Chitonga ndi a Chilambya aja adali atakhala m'nyumba ndi mkazi wanga usiku wonse. Adatiperekeza ndi iwowo. Abale adafika tsiku lotsatira, ndipo sindiwadandaula, pakuti mtunda wa makilomita pafupifupi 300 si wodumpha. Koma kuchokera pamenepo dothi la Mzuzu lidasunga kanthu kanga. Ngati mchombo wokwiriridwa umapanga malo kukhala kwanu, nanga mwana wokwiriridwa?

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi atsibweni. Iwo amaona ngati chikondi cha malo chili ngati ufa wa m'thumba limodzi, woti ukatapako kupatsa Ching'ambo ndiye kuti Dowa wachepekedwa. Ine ndimaona kuti kwawo kwa munthu kuli mitundu iwiri. Kulipo kumene umapatsidwa usadadziwe kanthu, monga umapatsidwira dzina ndi mfunda. Kumeneko sungakusankhe ndipo sungakufufute. Ndiye kulinso kumene kumamangidwa pang'onopang'ono ndi zinthu zazing'ono zobwerezabwereza: mchere wobwereka, mwana wa mnzako amene wamuperekeza kuchipatala cha St John's pakati pa usiku, mlandu wa malire a poloti umene mwaukamba pansi pa mtengo mpaka kugwirizana. Kwachiwiriku sikubwera ndi kubadwa, kumabwera ndi ngongole zimene wakongola ndi zimene ena akukongola. Munthu amene wadya zonsezi kwa zaka khumi ndi zisanu, n'kumanenabe kuti kuno ndikungogwira ntchito, kwathu ndi kwina, ameneyo ndiye akuthawa ngongole. Utchona ulipo wa mbali ziwiri, ndipo wa mbali iyi sitiutchula kawirikawiri.

Ndawaona antchito anzanga otere, ndipo ndimawamvetsa. Amakhala m'nyumba ya lendi zaka makumi awiri osadzala ngakhale nthochi imodzi. Msewu wa m'dera ukakumbika sapita nawo kukakwirira, amati eni ake akonze. Pachisankho cha makhansala savota, kapena amakavotera kumudzi kumene sakhalako. Ndalama zonse amamangira nyumba kumudzi, nyumba ya malata imene mumagona mileme ndi mbuzi, kudikira tsiku la penshoni. Akafika zaka 60 galimoto imawatula kumudzi kuja ndi mipando yawo, n'kupeza kuti anzawo a ubwana adamwalira kapena adasamuka, achinyamata sakuwadziwa, ndipo munda udagawidwa kalekale. Amakhala alendo kawiri: kumene adakhala moyo wawo wonse adakana kukhala eni, ndipo kumene ankati ndi kwawo adafikako mochedwa. Mizinda yathu ili ndi zinyalala ndi ngalande zotsekeka pa zifukwa zambiri, koma chimodzi mwa izo n'chakuti muli anthu ochuluka amene matupi awo ali m'tauni pamene mitima adaisungitsa kwina. Mlendo ndi mame, timatero, ndipo mame sakumba ngalande.

Komabe mawu a atsibweni ali ndi kulemera kumene sindingakukane. Akamati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, akunena zimene adaziona ndi maso. Adaona anthu amene adakhala ku Zimbabwe moyo wawo wonse, nabereka ana ndi adzukulu komweko, koma malamulo a unzika atasintha adauzidwa kuti ndi alendo. Adaona mabasi akutula abale athu othawa zipolowe za ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, ena atangonyamula chikwama cha m'manja. Kwa munthu wosauka mudzi ndiwo inshuwalansi yokhayo imene ali nayo: ntchito ikatha, matenda akakula, dziko likatembenuka, kumudzi sakubweza. Ndiponso mudzi umayembekezera mwana amene udamuphunzitsa. Fizi yanga ya kusekondale idachokera ku fodya wa atsibweni omwewa. Ngati aliyense wophunzira atenga nzeru zake ndi malipiro ake n'kukazikhazika kutauni, kumudzi kudzatsala okalamba ndi ana okhaokha. Ili si dandaulo lopanda pake. Yankho langa kwa iwo si mawu koma zochita: feteleza amapita chaka chilichonse, ana awiri a mlongo wanga ndikuwaphunzitsa, maliro akulu ndimafikako, ndipo amayi akadwala amabwera kudzagonekedwa ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chimene chidamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, n'kumachira akuotha moto pakhomo panga. Ngongole ya ku Dowa ndikubweza. Chimene ndikukana n'chakuti ndiyo ngongole yokhayo.

Pali funso lina lovuta kuposa la atsibweni, ndipo limachokera mbali inayo. Kodi ndi ine woyenera kunena kuti Mzuzu ndi kwathu? Munthu sadziitanira yekha m'nyumba ya eni n'kulengeza kuti ndine wachibale. Ndipo ine sindidabwere kuno ngati mlendo wamba. Ndidabwera ngati Mchewa wa m'chigawo chapakati, wonyamula chiyankhulo chimene msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udachikweza mu 1968 kukhala cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chidabwereranso pa wailesi ya MBC mu 1994, patatha zaka 26. Chifukwa cha mbiri imeneyi, ine ndingathe kukhala mu Mzuzu moyo wanga wonse osaphunzira liwu limodzi la Chitumbuka, ndipo aliyense adzandiyankha m'Chichewa, kumsika, kuchipatala ndi kuofesi. Mtumbuka wopita ku Dowa mwayi wotere alibe. Kumasuka kumene ndimakumva kunoku mbali ina kudagulidwa ndi kupanikizidwa kwa anzanga, ndipo munthu woona mtima ayenera kuchidziwa chimenechi asadayambe kuyimba za chikondi chake pa mzindawu.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti chikondi cha malo chimene sichifuna kuphunzira chiyankhulo cha pamalopo ndi chikondi cha munthu wa lendi. Chitumbuka changa ndidachiphunzira kwa amayi ogulitsa usipa ndi kwa ana anga omwe. Mpaka lero chimatuluka ndi fungo la ku Dowa, ndipo ndikati "mwatandala uli" amayi aja amaseka kaye asadayankhe. Koma kuseka kwake n'kosiyana ndi kwa poyamba. Ndidazindikiranso kuti mawu awo akuti asibweni ndi athu aja akuti atsibweni, kungochotsapo chilembo chimodzi, ngakhale kuti kuno, kumene ana amatsata bambo ndipo ukwati umamangidwa ndi malowolo, mphamvu za munthuyo n'zochepa poyerekeza ndi kwathu. Ndipo pamene bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, lidalemekezanso Vimbuza chaka chomwecho. Ng'oma ziwirizi ndazimva zonse usiku, ndipo thupi silifunsa kuti iyi ndi ya chigawo chiti.

Munthu amene adandithandiza kwambiri kuganiza za nkhaniyi ndi mkulu wina wa mumpingo mwathu, mphunzitsi wopuma, amene tsopano adatisiya. Iye adali mmodzi mwa aphunzitsi amene adakhudzidwa ndi lamulo la 1989, pamene boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo zimene adachokera, powanamizira a kumpoto kuti ankaphunzitsa mwadala moipa ana a zigawo zina. Ine chaka chimenecho ndidali m'makalasi oyambirira, ndipo ndimakumbukira lole itaima pa nyumba za aphunzitsi pasukulu pathu, amayi a m'mudzi akulira ngati pali maliro. Mkuluyu adali ataphunzitsa m'chigawo chapakati zaka zambiri. Adali ndi dimba kumeneko, adali mlangizi wa maukwati a anthu, ndipo ana ake sankadziwa Chitumbuka. Adandiuza kuti chimene chidamupweteka sikusamukako, poti wantchito wa boma amasamuka, koma kuuzidwa ndi boma kuti zaka zonse zija adali mlendo. Tsiku lina ndidamufunsa ngati sizimuwawa kuona ife a chigawo chapakati tikugula mapoloti mu Mzuzu. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Adada, ine adandichotsa kwathu n'kunditumiza kukaya. Inu musalole munthu akuchiteni zomwezo." Kukaya ndiko kumudzi m'Chitumbuka. M'chiganizo chimodzi adatchula kwawo kuwiri, ndipo sadaone chachilendo.

Mawu ake adandionetsa kuti funso lakuti kwanu n'kuti, likachoka pakamwa pa mnzako wa m'basi n'kulowa m'mafayilo a boma, limasanduka mpeni. Lidagwiritsidwa ntchito mu 1989. Lidagwiritsidwanso ntchito posankha ophunzira opita ku yunivesite potengera boma lochokera, njira ya kota imene idayamba m'nthawi ya Kamuzu, n'kubwezeretsedwa mu 2009 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mpaka boma lidalengeza zoithetsa mu 2020. M'zaka zimenezo ana awiri okhala pa desiki imodzi ku Mzuzu, obadwira m'chipatala chimodzi, omwa madzi a damu limodzi la Lunyangwa, ankayesedwa ndi miyeso yosiyana chifukwa cha midzi ya makolo awo. Ena amati njirayo inkathandiza maboma otsalira, ndipo vuto la kuchepa kwa malo m'sukulu lidalipodi. Koma kwa ine, amene mwana wanga akadapindula nayo pomwe mnzake wa nyumba yoyandikana akadalira nayo, idali chinthu chochititsa manyazi pakati pa anansi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 39, amati munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'malire a Malawi. Pepala lidavomera kale. Mafomu ndi mitima ndizo zikutsalira.

Eni mzinda, ngati alipo, sadandiyankhe ndi mawu funso lija lakuti kodi ndine woyenera. Mayankho adabwera m'masiku oipa. Pa 20 Julaye 2011 kudachitika zionetsero m'dziko muno zimene zidatenga miyoyo ya anthu 20, ndipo Mzuzu udataya anthu ambiri kuposa mzinda wina uliwonse. Ine monga wantchito wa boma sindidapite kumsewu. Tidatsekera ana m'nyumba tikumva mfuti. Koma pamene ena mwa ophedwawo ankaikidwa ku manda a Zolozolo ndidali nawo m'khamulo, ndipo mchimwene wanga ataimba foni kuchokera ku Lilongwe kufunsa kuti kodi anthu akumenekowo atani, ndidamuyankha kuti atiphera ana. Mawuwo adatuluka okha. Mu Epulo 2016 kudagwa mvula ya masiku angapo osalekeza, nyumba za zidina zidagwa m'madera ambiri a mzindawu, ndipo anthu adakagona m'matchalitchi ndi m'sukulu. Usiku umenewo tidali m'matope mpaka m'mawondo, tikutulutsa ana ndi mabulangete m'nyumba zakumunsi, ndipo m'chipinda chochezera cha nyumba yanga yosatha mudagona mabanja atatu kwa sabata ziwiri. Pambuyo pake amfumu adandiika m'komiti yoona za ngalande. Kwathu timati mlendo sathyola mphasa, kutanthauza kuti sakhalitsa ndipo salemetsa. Munthu akayamba kupatsidwa ntchito zotopetsa zopanda malipiro, n'kumakalipiridwa akajomba kumsonkhano, adziwe kuti ulendo wake udatha.

Ana anga nkhaniyi amaiona mwina. Malinga ndi mwambo wathu wa Chichewa iwo si a ku Dowa n'komwe, ndi a kwa amayi awo ku Ntchisi, mudzi umene aupondamo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kumeneko amawatcha Atumbuka chifukwa cha kayankhulidwe, pamene kusukulu kuno anzawo amawatcha Achewa. Amakonda kondowole ndi batala wa ku Nkhata Bay kuposa nsima ya mgaiwa. Timu yawo ndi Moyale. Akamva kuti Chikangawa yapsa kapena yadulidwa amadandaula ngati munda wa agogo awo, ndipo pamene laibulale ya Mzuzu University idapsa mu Disembala 2015, wamkulu adalira ngakhale adali asadalowemo. Ana otere m'dziko muno alipo ochuluka zedi, obadwira ku Area 25, ku Bangwe, ku Chinamwali ndi ku Zolozolo, ndipo chaka chilichonse timawalembetsa pamafomu midzi imene sangathe kuilondola popanda wowaperekeza. Mwana wanga wamkazi adandifunsa tsiku lina, cholembera chili m'manja, kuti, "Adadi, ndilembe kumene ndimachokera kapena kumene mumachokera inu ndi amami?" Ndidamuuza kuti alembe Ntchisi, poti ndi zimene fomuyo imafuna.

Chatsala ndi nkhani ya manda, ndipo imeneyi ndiyo atsibweni amaisunga pomaliza ngati muvi wakuthwa. Amati chabwino, manga nyumba yako, yankhula Chitumbuka chako, koma tsiku lako likadzafika tidzakutenga. Pa mwambo wathu mtembo si wa mwini wake, ndi wa mbumba. Ndaona magalimoto ambiri akunyamuka pa mochale usiku, nthambi zobiriwira zili kutsogolo, kukwera Chikangawa m'chifunga, kudutsa Jenda ndi Kasungu, banja litakongola ndalama zimene lidzabweza chaka chathunthu, anansi amene adamudwazika malemuyo atatsala pamsewu akuyang'ana. Ndaonanso mayi wokalamba kumudzi amene chitonthozo chake chokha n'chakuti mwana wake wagona pafupi, pamene angathe kukasesa. Onsewa ali ndi chilungamo chawo, ndipo sindikhulupirira kuti wina angawaweruze ndi mawu amodzi.

Maganizo anga ndidawauza pa Khirisimasi yapitayi, titakhala pakhonde la amayi, mkazi wanga ndi mlongo wanga ali pomwepo kuti pasadzakhale wonena kuti sadamve. Ndidati amayi akadzakhala ali moyo, mudzanditenge, chifukwa sindifuna kuti nkhalamba idzakwere basi usiku wonse kukalira mwana wake kuchilendo. Koma akadzakhala atatsogola, mudzandisiye ku Mzuzu pafupi ndi mwana wanga, ndipo ndalama ya galimoto mudzalipirire fizi ya amene adzakhale ali pasukulu. Atsibweni sadavomere ndipo sadakane. Adafwenthera fodya wawo, nayang'ana kumunda, kenaka adafunsa ngati mapeyala amene ndidadzala ku Ching'ambo ayamba kubereka. Ndidati ayamba chaka chatha. Adati ulendo wina ndidzawatengereko, adzalawe ngati akufanana ndi a kuno.